Chikwama cha Nthawi ya Ngozi: Zoyenera Kulongedza Mvula Isanakhazikike

Unduna ukudziwitsa alimi, ochita malonda ndi anthu onse okhala pa Boma la Chiradzulu komanso m'madera a mafumu onse a m'bomali kuti nthawi yoyenera kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi pamene mvula isanakhazikike. Mwa njira zonse zokonzekera, ilipo imodzi imene sifuna ndalama zambiri ndipo banja lililonse lingathe kuichita tsiku limodzi. Njirayi ndiyo kulongedzeratu chikwama chimodzi chopepuka, chimene munthu angathe kuchinyamula ndi kuthawa nacho madzi osefukira kapena matope ochokera m'phiri akafika. Nkhani ino ikufotokoza zoyenera kuika m'chikwamacho, zoyenera kusiya, ndi momwe mungasankhire zipangizo zodalirika pamsika.

Zimene tinaphunzira mu Marichi 2023

Namondwe wa Freddy anayambira kufupi ndi dziko la Australia mu Febuluwale 2023, nadutsa nyanja yonse ya mchere ya India. Bungwe loona zanyengo pa dziko lonse linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo. Atafika m'chigawo cha kummwera kwa Malawi, mvula inagwa masiku angapo mosalekeza, ndipo pa 13 Marichi boma linalengeza kuti m'maboma a m'chigawochi, kuphatikizapo Chiradzulu, mwagwa ngozi yaikulu. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala.

Kuno ku Chiradzulu, dzina limene silidzaiwalika ndi la mudzi wa Ntauchira, m'dera la Mfumu Yaikulu Likoswe, kumene matope ndi miyala zinatsika m'phiri ndi kukokolola nyumba, minda ndi anthu. Makolo athu ankatchula ngozi ya mtundu umenewu kuti Napolo. Inachitikapo ku Zomba mu 1946 ndiponso ku Phalombe mu 1991. Freddy asanabwere, chigawo chomwechi chinali chitakumana kale ndi namondwe wa Idai mu Marichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Gombe mu Marichi chaka chomwecho. Choncho sitingathenso kunena kuti izi n'zochitika kamodzi pa moyo wa munthu.

Ambiri mwa amene anapulumuka anafika m'masukulu ndi m'matchalitchi, momwe munakhazikitsidwa misasa, ali ndi zovala za m'thupi zokha. Ziphaso, mabuku a kuchipatala, mankhwala ndi ndalama zinatsala m'matope. Misewu ndi milatho inaduka, magetsi anazima, ndipo m'malo ena thandizo linachedwa kufika. Chikwama chimene tikunena pano cholinga chake n'chimodzi: kusunga moyo wa banja kwa masiku atatu oyambirira, kufikira thandizo litafika, ndi kuteteza zinthu zimene zikatayika zimavuta kuzipezanso.

Chifukwa chake chiyenera kupepuka

Boma la Chiradzulu ndi laling'ono koma lili ndi anthu ambiri. Kalembera wa 2018 anapeza kuti muli anthu oposa 350,000. Chifukwa cha kuchepa kwa malo, mabanja ambiri anamanga ndi kulima m'tsinde mwa mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje monga Mombezi. Munthu wokhala m'malo otere akamva mkokomo kuphiri sakhala ndi ola loti alongedze. Amakhala ndi mphindi zochepa chabe, mwina usiku, mvula ili kugwa, njira ili yoterera, mwana ali kumsana.

Pa chifukwa chimenechi, chikwama chabwino si chimene chadzaza kwambiri ayi, koma chimene mayi wobereka mwana kapena wachinyamata wa zaka 15 angathe kukwera nacho chitunda osapumira. Tikulangiza kuti chikwama cha banja chisapitirire makilogalamu 7 kapena 8. Ngati banja ndi lalikulu, gawani katundu m'zikwama ziwiri zing'onozing'ono m'malo mwa chimodzi cholemera. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Amene afuna kupulumutsa zonse angathe kutaya zonse pamodzi ndi moyo wake.

Mukatha kulongedza, chiyeseni. Chiberekeni n'kuyenda nacho mofulumira kuchokera pakhomo panu kukafika pamalo okwera amene munagwirizana kuti muzithawirako. Mukafika mukupuma wefuwefu, bwererani mukachotsemo zina.

Kusankha chikwama

Chikwama choyenera ndi chobereka kumsana, cha malamba awiri, chifukwa chimasiya manja onse awiri omasuka kuti mugwire mwana, ndodo kapena tochi. Sutikesi, chidebe ndi mtolo wosenza pamutu zimasokoneza poyenda pamalo oterera. Chikwama cha ana asukulu chachikulupo n'chokwanira. Simufunika kugula chatsopano: pa kaunjika ku Limbe, kapena pa tsiku la msika ku Mbulumbuzi, Namitambo ndi Thumbwe, mungathe kufunafuna chogwiritsidwapo kale ntchito koma cholimba.

Pogula, musakopeke ndi maonekedwe, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kokani malamba mwamphamvu kuti muone ngati ulusi wake sukumasuka pamene malambawo alumikizana ndi chikwama, chifukwa apa ndi pamene zikwama zambiri zimayambira kung'ambika. Tsegulani ndi kutseka zipi kangapo. Yang'anani pansi pake ngati sipanathe. Ngati palibe ndalama yogulira, telala angathe kusoka malamba awiri pa thumba lolimba la ufa kapena la feteleza lochapidwa bwino, ndipo lidzagwira ntchito yomweyo.

Dziwani kuti zikwama zambiri zimalowa madzi ngakhale wogulitsa atanena kuti sizilowa. Njira yodalirika ndiyo kuyala pulasitiki wochindikala m'kati mwake, kuikamo katundu yense, n'kumanga kukamwa ndi mphira.

Choyamba kulowa: ziphaso ndi makalata

Chakudya mungathe kulandira kumsasa, chovala mnansi angakupatseni, koma chiphaso cha unzika palibe amene angakubwerekeni. Chiphasochi chimafunika pogula zipangizo zaulimi zotsika mtengo, polembetsa nambala ya foni, kubanki ndi pa ntchito zina zambiri za boma. Chikatayika, mudzayenera kupita ku ofesi ya kalembera ya NRB n'kudikira china, pa nthawi imene muli ndi mavuto ena ochuluka.

Sonkhanitsani malo amodzi ziphaso za unzika, makalata a kubadwa a ana, mabuku a kuchipatala a aliyense, makadi a kusikelo ya ana ndi ya amayi oyembekezera, satifiketi za sukulu monga ya MSCE, makalata a malo, ndi khadi la kubanki. Zikulungeni m'mapulasitiki awiri, kapena muziike m'chigubu cha pulasitiki chotseka bwino. Zimene mumagwiritsa ntchito kawirikawiri muzizibwezera pomwepo mukatha nazo. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani chiphaso chilichonse n'kutumiza zithunzizo kwa mbale wodalirika amene amakhala kutali ndi dera lanu.

Onjezani kapepala kolembapo manambala a foni a abale, a nyakwawa, a mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi a wapampando wa komiti yoona za ngozi m'mudzi mwanu. Foni ikathima kapena kunyowa, manambala onse amapita nayo limodzi.

Chachiwiri: mankhwala

Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma oyambirira m'dziko muno kumene anthu anayamba kulandira mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV, pamene bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kuwapereka mu 2001. Lero m'bomali muli anthu ambiri amene moyo wawo umadalira kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku mosadumphitsa. Chimodzimodzinso amene ali ndi chifuwa chachikulu cha TB, shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu ndi mphumu. Kudukiza mankhwala otere kumabweretsa matenda mofulumira, ndipo pa ma ARV ndi a TB kungachititse kuti mankhwalawo asiye kugwira ntchito m'thupi.

M'nyengo yonse ya mvula, sungani mankhwala anu m'chikwamachi ndipo muziwamwa kuchokera momwemo. Mukatero simudzawaiwala pothawa, komanso sadzakhalitsa mpaka kupitirira tsiku lake. Musadikire kuti athe kenako n'kupita kuchipatala: pitani pa tsiku limene munauzidwa. Ngati mwathawa opanda mankhwala, dziwitsani msanga azaumoyo a pamsasa, a pa chipatala chachikulu cha Chiradzulu, a ku Nguludi kapena a pa chipatala chaching'ono chilichonse chimene mungathe kufikako.

Pambali pa amenewa, ikanimo mapaketi angapo a Thanzi ORS, mankhwala ochepetsa ululu ndi kutentha thupi, bandeji kapena nsalu yoyera yochapa ndi kusita, sopo mmodzi, ndi zofunika amayi ndi atsikana pa nthawi ya kumwezi. Paketi imodzi ya Thanzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati Thanzi palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osadzaza mosefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo, ndipo wodwalayo apite naye kuchipatala.

Chachitatu: madzi

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Muyezo umene mabungwe othandiza pa ngozi amatsatira ndi wakuti munthu mmodzi amafunika malita osachepera 15 pa tsiku akumwa, ophikira ndi osamba. Banja la anthu asanu lingafunike malita 75 pa tsiku, katundu amene palibe angathawe naye. Choncho musanyamule madzi ambiri. Nyamulani malita awiri okha akumwa panjira, pamodzi ndi njira yotetezera madzi amene mukawapeze kumene mukupita.

Njirayo ndi botolo la WaterGuard kapena kolorini amene alangizi a zaumoyo amagawa. Botolo laling'ono lomweli limateteza zidebe zambiri. Tsatirani muyezo wolembedwa pabotolo kapena umene mlangizi wakuuzani, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhala amatope, yambani mwawasefa ndi nsalu yoyera. Ngati mankhwala palibe, wiritsani madziwo mpaka abwadamuke.

Nkhani imeneyi si yaing'ono. Freddy anafika dziko lino lili pakati pa mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 ndipo unapha anthu oposa 1,700. Madzi osefukira amagumula zimbudzi ndi kulowetsa zonyansa m'zitsime, mwinanso m'mijigo. Madzi ooneka oyera si onse amene ali abwino kumwa.

Chachinayi: zofunda ndi zodzitetezera ku mvula

Munthu amene wanyowa usiku wonse, mphepo ikuwomba, amazizidwa koopsa ngakhale m'dzinja, makamaka ana akhanda ndi okalamba. Ikanimo bulangete limodzi lopepuka, juzi ya mwana aliyense, ndi chovala chimodzi chosinthira pa munthu aliyense. Zitenje ziwiri n'zofunika kuposa zovala zambiri, pakuti chitenje chimabereka mwana, chimafunda, chimasefa madzi, chimamanga bala ndiponso chimatchinga pamene amayi akusintha zovala pamsasa.

Pulasitiki wakuda amene timafolera nyumba za udzu, wotalika mamita atatu, pamodzi ndi chingwe cha mamita asanu kapena khumi, angakhale denga, mphasa kapena chofunda pamvula. Ndi wotsika mtengo ndi wopepuka kuposa tenti. Musaiwale neti yoteteza ku udzudzu, chifukwa madzi odikha akachuluka malungo nawonso amachuluka.

Pa nsapato, mapatapata amavuka m'matope ndipo jombo zimalemera madzi akalowamo. Nsapato zotseka, zomanga ndi zingwe, ndizo zoyenera. Zikhale pafupi ndi pogona panu. Pansi pa matope pamabisala malata, misomali ndi magalasi osweka.

Chachisanu: kuunika ndi kumva uthenga

Tochi ndi yofunika kuposa kandulo kapena koloboyi, zimene zimazima ndi mphepo. Tochi yovala pamphumi ndi yabwino koposa chifukwa manja amakhala omasuka. Pogula, iyatseni pomwepo ndipo muigwedeze: ikamaphethira, isiyeni. Ya mabatire imadalirika kuposa ya dzuwa pa nthawi ya namondwe, popeza dzuwa limatha masiku angapo osaoneka. Mabatire muwasunge padera, kunja kwa tochi, kuti asatuluke madzi n'kuiwononga.

Wailesi yaing'ono ya mabatire idzakuthandizani kumva machenjezo a Nthambi Yoona Zanyengo ndi a Nthambi Yoona za Ngozi Zogwa Mwadzidzidzi ya DoDMA, amene amaulutsidwa pa MBC, Zodiak ndi nyumba zina zoulutsira mawu. Foni ya mabatani imasunga moto masiku ambiri kuposa foni zamakono, ndipo zambiri zimakhala ndi tochi ndi wailesi. Mukamva kuti kukubwera namondwe, tchajani foni nthawi yomweyo magetsi asanazime.

Kachipangizo kotsika mtengo koma kofunika kwambiri ndi wezulo. Munthu wopanikizika m'nyumba yogumuka kapena wotsakamira mumtengo mawu amamuthera msanga, koma wezulo amamveka patali ngakhale madzi akukokoma. Mumangirireni pa lamba wa chikwama. Onjezaninso machesi okulungidwa m'pulasitiki ndi mpeni waung'ono wopinda.

Chachisanu ndi chimodzi: kamba ndi ndalama

Chakudya chabwera kumapeto mwadala. Thumba la ufa n'lolemera ndipo limafuna nkhuni zouma, madzi ndi poto wamkulu, zinthu zimene sizipezeka tsiku loyamba la ngozi. Sankhani kamba wosafuna kuphika ndi wosaonongeka msanga: mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, chiponde, mabisiketi, shuga pang'ono ndi mchere. Kilogalamu imodzi ndi theka kapena awiri n'zokwanira. Kwa ana aang'ono, tengani ufa wa phala monga Likuni Phala, kapoto kamodzi, kapu ndi supuni. Amayi oyamwitsa apitirize kuyamwitsa, pakuti mkaka wa m'mawere ndiwo chakudya chotetezeka koposa pa nthawi imene madzi ali okayikitsa.

Ndalama zambiri zisungidwe kubanki, ku Airtel Money kapena ku TNM Mpamba, kumene madzi sangazikokolole. Komabe sungani m'chikwama ndalama zochepa za mapepala ang'onoang'ono, chifukwa netiweki ikaduka simungathe kutapa ndalama pafoni.

Mawu apadera kwa alimi ndi ochita malonda

Alimi, simungathe kuthawa ndi nkhokwe, koma mungathe kuthawa ndi mbewu. Kabotolo kouma, kotseka bwino, kokhala ndi mbewu ya nandolo, nyemba, maungu kapena masamba sikalemera, koma kangakuthandizeni kubzalanso m'dimba madzi akaphwa. Matumba a chimanga ndi feteleza muwaike pa thandala lokwera mvula isanayambe. Oweta ng'ombe za mkaka, mbuzi ndi nkhumba, mukamva chenjezo samutsani ziweto kukadali kowala. Nthawi ikakutherani, zimasuleni ndi kutsegula khola, koma musabwerere m'madzi chifukwa cha chiweto.

Ochita malonda, chuma chanu chenicheni chili m'buku la ngongole, m'chiphaso cha bizinesi ndi m'malisiti a katundu. Zimenezi zilowe m'pulasitiki limodzi ndi ziphaso. Alembi ndi asungichuma a banki m'khonde achite chimodzimodzi ndi mabuku a gulu, popeza buku likatayika pamabuka mikangano imene imapasula magulu. Tikupemphanso ogulitsa matochi, mabatire, mapulasitiki ndi WaterGuard kuti asakweze mitengo mwachinyengo pa nthawi ya ngozi, ndiponso asagulitse katundu amene anapitirira tsiku lake.

Zoyenera kusiya

Siyani ziwiya zambiri, matilesi, wailesi ya kanema, zovala za kutchalitchi ndi katundu yense amene angagulidwenso. Musaike palafini kapena petulo m'chikwama. Mankhwala ophera tizilombo m'munda kapena m'nkhokwe asayandikane ndi chakudya. Mukakayika pa chinthu china, dzifunseni kuti: kodi popanda chimenechi wina m'banja muno angafe kapena kudwala m'masiku atatu? Ngati yankho ndi lakuti ayi, ndipo si chiphaso, chitsale.

Kumene chikhale ndi nthawi yonyamuka

Pachikani chikwamacho pa msomali pafupi ndi khomo lotulukira, pamalo okwera pamene ana aang'ono sangafikire mankhwala. Aliyense wamkulu m'nyumbamo adziwe pamene chili ndi amene adzachinyamule. Gwirizananinso za amene adzabereke mwana, amene adzathandize agogo kapena wachibale wolumala, ndi malo amene mudzakumane mukabalalika. Chitseguleni kumayambiriro a mwezi uliwonse kuyambira Novembala mpaka Epulo, musinthe madzi ndi kamba, muyese tochi.

Chikwama sichipulumutsa munthu amene wachedwa kunyamuka. Ngati mumakhala m'tsinde mwa phiri kapena m'mbali mwa mtsinje, samukani mukangomva chenjezo, kukadali masana. Zizindikiro zina mungazione nokha: ming'alu yatsopano panthaka kapena pakhoma, akasupe otumphuka pamene panalibe, mitengo yopendekeka mwadzidzidzi, mtsinje wosanduka matope kapena wophwa mosayembekezeka mvula ikugwabe, ndi mkokomo wochokera kuphiri. Pothawa matope, musatsike motsata chigwa chimene akudzera. Patukirani kumbali n'kukwera pamtunda. Musawoloke mtsinje wodzaza, pakuti madzi othamanga ofika m'akakolo okha angathe kugwetsa munthu wamkulu. Chikwama chikakodwa kapena chikayamba kukukokerani m'madzi, chitayeni.

Pomaliza, Unduna ukupempha mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, komanso makomiti a m'misika kuti afalitse uthengawu pa misonkhano yawo, ndipo athandize okalamba ndi mabanja oyendetsedwa ndi ana kulongedza zikwama zawo. Amene akufuna kudziwa malo othawirako a m'dera lawo afunse kwa nyakwawa, ku komiti yoona za ngozi ya m'mudzi, kapena ku ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ku Khonsolo ya Chiradzulu.